Nambala Imene Inkakula

Sabata imeneyo kalaliki wa ku ofesi ya zitupa ankagwira ntchito usiku, kulumikiza mabuku a boma, la obadwa, la kuchipatala ndi la omwalira, kuti munthu aliyense akhale ndi nambala imodzi.

Lolemba, anzake ataodzera, analemba pakompyuta nambala imene ankaidziwa pamtima, ya mwana wake woyamba amene anamwalira ali ndi miyezi inayi. Ankangofuna kuona dzina. Koma pansi pa dzinalo panali mzere watsopano: wakwera sikelo mwezi uno, makilo asanu ndi limodzi.

Fani inkalira kudenga. Kalaliki anauwerenganso mzerewo, maso ali tong'o.

"Akulu, mwaona mzukwa?" ananong'ona mlonda pakhomo. "Akuti makinawa amadzutsa akufa. Kwina nkhalamba yakumanda inadinda chala."

Lachiwiri anayang'ana nambala ya khanda lake lamoyo, lodwala mtima. Munalibe kanthu, ngakhale katemera mmodzi. Pamenepo abwana anali atalengeza kuti kuyambira Lachisanu chipatala chizipereka mankhwala poona mbiri ya panambala basi.

Lachitatu kompyuta inaonetsa kuti womwalira uja anali atabayidwa katemera masana omwewo.

Kalaliki anasiyira ntchitoyo panjira n'kuuyamba wa kunyumba, magetsi atazima msewu wonse, agalu okha akuuwa patali. Atafika pakhomo anamva mawu otsika m'kati: "Wakula, mwanawe. Taona mmene wakulira."

Anakankha chitseko pang'onopang'ono. Khanda linali m'tulo. Mkazi wake anakhala pansi pafupi ndi kandulo, chala chikutsata mzere pakhadi lakale la kusikelo la mwana wawo woyamba, lopindika m'makona.

"Mayi a mwana, khadi limeneli mumapita nalo kusikelo?"

"Mzere wake unangoima pakati, bambo," anayankha osadzutsa mutu. "Ndinati mng'ono wake aupitirize. Anesi sanafunse."

"Nanga latsopano lija?"

"Lili pansi pa matiresi."

Kalaliki anagwada. "Lachisanu achipatala akakaona nambala ya womwalira, uyu akabwerako wopanda mankhwala."

Mkaziyo analikumbatira khadilo pachifuwa. Kandulo inathetheka. Kenako khanda linatsokomola kawiri, kupuma kukumveka ngati kakhweru, ndipo manja aja anamasuka okha.

Lachinayi, abwana atasaina, kalaliki anasamutsa mizere yonse kupita ku nambala ya wamoyo, umodzi umodzi. Ya woyambayo inabwerera pa miyezi inayi.

Asanaitseke anakhudza galasi la kompyuta ndi chala.

"Wamusungira bwino mng'ono wako," ananong'ona. "Gona tsopano."