Thabwa Lolira la ku Govan

Uyu ndi Ndapile. Amakhala ku Govan, mumzinda wa Glasgow, ndi amayi ake. Ndapile ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona chombo chakalekale. Osati cha pachithunzi ayi. Chenicheni.

Loweruka kunali nkhungu. Nkhungu pamsewu. Nkhungu pamtsinje wa Clyde. Tsidya lina silinkaoneka. Ndapile ndi Amayi ankachokera kogula ndiwo.

Madzi a mumtsinje anali ataphwa. Pamiyala, pafupi ndi njira, panali thabwa. Linali lalifupi ngati mkono. Linali lakuda bii. Linali lonyowa. Linali ndi zikhomo ziwiri zamtengo. Zikhomozo zinali ngati maso. Masowo ankayang'ana Ndapile.

"Mami, taonani."

"Zinyalala izo. Tiye. Kukuzizira kuno."

Ndapile anatola thabwalo. Analibisa m'jekete.

Kunyumba madzi anayamba kudontha. Do. Do. Do. Amayi anaona.

"Iwe. Kapetiyu unagula ndiwe?"

"Ndi thabwa la chombo, Mami. Ndikuganiza choncho."

"La chombo, la chitseko, zonse ndi nkhuni. Chonyowa timayanika."

Ku Glasgow dzuwa n'losowa. Amayi amayanika zonse pahita yotenthetsera m'nyumba. Masokosi pahita. Yunifolomu ya kuntchito pahita. Thabwanso analiika pahita.

Lamulungu masana anabwerako kutchalitchi. Anatsegula chitseko. M'nyumba munali fungo. Fungo la matope. Fungo la nyanja. Koma ku Govan kulibe nyanja.

M'nyumba munali zii.

Tcha.

Ndapile anaima.

Tcha. Tcha.

"Ndani?" anafunsa Ndapile.



Tcha.

Phokosolo linkachokera pahita. Thabwa linali litang'aluka. Mng'aluwo unali ngati kamwa. Kamwayo inkatseguka pang'onopang'ono.

"Mami, likulira."

"Thabwa sililira," anatero Amayi. Koma anaima patali. Anagwira Baibulo lawo zolimba.

Tcha.

Chikhomo chimodzi chinagwa chokha. Chinagubuduka. Chinagubuduka. Chinaima paphazi la Amayi.

"Basi," anatero Amayi. "Za anthu omira sindisunga m'nyumba mwanga. Ndikangovula nsapatozi, likupita kubini."

Amayi analowa kuchipinda.

Ndapile ankaopa. Koma sanafune kuti thabwa lipite kubini. Anayandikira. Anayandikiranso. Anayang'anitsitsa.

Mbali ina ya thabwa inali youma. Kumeneko kunali mng'alu. Mbali ina inali pansi pa thawulo lonyowa. Kumeneko kunalibe mng'alu.

"Silikufuna ife," ananong'ona Ndapile. "Likufuna madzi."

Analinyamula. Anathamangira kubafa. Anatsegula madzi ozizira. Anaikamo thabwa. Anaikamonso chikhomo chija.

Tithovu tinatuluka. Tithovu. Tithovu.

Kenako zii.

Ndapile anadikira. Zii. Anadikirabe. Zii.

Amayi anasuzumira pakhomo.

"Tsopano lalowa m'bafa. Mawa lipempha tiyi."

"Lasiya kulira, Mami. Tamverani."

Amayi anamvetsera. Panalibe phokoso.

"Ligone momwemo," anatero Amayi. "Mawa tikalibweze kwawo."

Lolemba sukulu itaweruka, anapita kumtsinje. Thabwa linali m'beseni la madzi. Pamwamba anafunditsa chitenje chonyowa. Nkhungu inalipobe.

Anafika pamiyala paja. Anamva phokoso lina.

Shiii. Shiii.

Nkhungu inasuntha pang'ono. M'matope munali zinthu zakuda. Zinali zazitali. Zinali zokhota. Zinaima m'mizere ngati nthiti za chinyama chachikulu.

Ndapile anagwira siketi ya Amayi. Amayi anagwira dzanja la Ndapile.

Shiii. Shiii.

Pakati pa nthitizo panali anthu. Anavala majekete achikasu. Ankawaza madzi ndi payipi.

Mayi wina anakwera kubwera kunjira. Dzina lake linali Moira. Ntchito yake ndi kufukula zombo zakale. Anavundukula chitenje. Anapuma mwamphamvu.

"Ili ndi thabwa la chombo chathu," anatero m'Chingerezi. "Madzi analikokolola. Ndani analiika m'madzi?"

"Mwana wanga," anayankha Amayi.

"Wachita bwino kwambiri. Nanga mng'aluwu?"

"Zimenezo zisiyeni."

Moira anamwetulira. Anagwada pafupi ndi Ndapile.

"Chombochi chagona m'matope zaka zambirimbiri. Matabwa ake adzaza madzi. Madziwo ndi amene amawagwira. Akauma, amasweka."

"Nanga masowa?" anafunsa Ndapile.

"Si maso. Ndi zikhomo. Kale ankalumikiza matabwa ndi zikhomo zamtengo. Chikhomo chikanyowa, chimatupa. Chikatupa, chimagwira zolimba. Motero chombo chinkawoloka nyanja yaikulu."

Moira anatambasula manja kuti alandire beseni. Amayi sanalisiye.

"Dikirani. Sitipereka chonchi. Mwanayu aone chombo."

"Akuchiona ali pano."

"Pafupi."

"Matope ndi oopsa, mayi."

"Inu mukuyenda pa chiyani?"

"Pamlatho wa matabwa uwo."

"Nayenso ayende pomwepo. Mumugwire dzanja."

Moira anaganiza. "Chabwino."

"Payipinso agwire."

"Pang'ono pokha."

"Tagwirizana. Beseni mundibwezere."

Anamuveka Ndapile jekete lachikasu. Linafika m'maondo. Anayenda pamlatho. Anaima pakati pa nthiti zakuda. Chombo chinali chachikulu kuposa basi. Chinali chenicheni.

Shiii. Shiii. Ndapile anawaza madzi. Matabwa anawala.

Pamtunda panali thanki ya madzi. Munali matabwa ena akuda. Moira anaikamo thabwa lija. Linamira pang'onopang'ono. Linagona pakati pa anzake.

Amayi anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Ankayesa palibe akuwaona. Anapinda maondo. Anawomba m'manja mofatsa.

"Pepani, agogo. Sitinkadziwa. Pumulani."

M'thankimo munali zii.

Ndapile anali kumbuyo kwawo. Anamva zonse. Anaseka.

"Ukuseka chiyani? Akuluakulu timawapepesa. Nyamula beseni."

Ndapile anagwira mbali ina. Amayi anagwira mbali ina. Anapita kunyumba, beseni lili pakati, onse akuseka.