Akakwiya Sadya

Sajeni anatuluka pageti la doko usiku utapita kale. Minibasi zinali zitasiya kuyenda, ndipo galimoto ya kuntchito, imene masiku ena inkakamutula pakhomo, inali itathamangira kuchipatala ndi munthu amene anamuvuula m'madzi. Mlonda wa pageti anamunyengerera kuti angogona mu ofesi mpaka kuche.

"Ndigone kuno, khanda langa liyamwe ndani? Bambo ake?" anatero Sajeni.

Mlondayo anaseka mpaka kutsokomola, n'kumutsegulira kageti kakang'ono.

Ntchito ya Sajeni inali yolondera doko. Iye ndi anzake ankazungulira ndi boti la apolisi pakati pa zombo, kupirikitsa akuba mafuta ndi kuunika mabwato olowa mozemba. Anali atangobwerera kumene pantchito kuchokera kutchuthi cha uchembere, ndipo yunifomu inali ikumuthinabe pachifuwa.

Usiku umenewo kunali mphepo yoipa. Kuseri kwa khoma lotchinga mafunde anapeza kabwato katagadabuka, pambali pake mutu wa munthu ukumira n'kumayandama. Anali makanika wokonza mainjini a maboti, munthu wosalankhulalankhula amene Sajeni ankangomudziwa nkhope. Anamuponyera chingwe, chingwecho n'kumugwera pachifuwa penipeni. Koma sanachigwire. Anangochiyang'ana ngati si chake. Sajeni anadziponya m'madzi, n'kumukoka ndi kolala ya ovolosi mpaka anzake anawakweza onse awiri. Atasanza madzi, akunjenjemera m'jekete imene Sajeni anamufunditsa, makanikayo analankhula mawu ochepa chabe.

"Mukanangondisiya, mayi."

Mawu amenewo ndi amene ankamuperekeza pamsewu. Munthu wamuvuula ndi manja ako, iye n'kukudandaulira! Kodi mawa akadzabwereranso kumadzi komweko, adzamuone ndani?

Msewu wochokera kudoko unkadutsa pakati pa milu ya makontena, kenako n'kulambalala shedi yakale ya katundu imene denga lake linagwa, n'kukafika pamlatho wachitsulo. Kutsidya kwa mlathowo ndiye kunkayambira nyumba za anthu. Kamvula kanali kakuwaza. Agalu a kushedi, amene tsiku lililonse ankamuuwa ngati ali naye ndi mlandu, usiku umenewo anali zii.

Sajeni sanali munthu wamantha. Komabe anagwiritsa tochi yake.

Pakati pa mlatho panali nyale imodzi yokha yoyaka. Pansi pa nyaleyo panaima munthu.

Anali mayi achikulire, aafupi, ovala juzi yoluka ndi mpango kumutu. Anapinda manja pamimba, maso ali kudoko, ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti ichedwa.

"Mayi, nthawi ino muli pano? Mwasochera?" anafunsa Sajeni ndi mawu a kuntchito.

Mayiwo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwamufunditsa?"

"Ndani?"

"Uja mwamuvuula uja. Sachedwa kugwidwa chifuwa ameneyo."

Sajeni anadabwa. Nkhaniyo inali isanatuluke pageti. Anaidziwa ndi anthu a m'boti, dalaivala ndi mlonda basi. Koma mwina wina waimba foni, anadziuza choncho. Inde, wina waimba foni.

"Ndamufunditsa jekete yanga. Ali kuchipatala, ali moyo. Ndinu mayi ake?"

Mayiwo anangopuma mozama, n'kuyamba kuyenda pambali pake.

Go, go, go, majombo a Sajeni pachitsulo.

Anatchera khutu. Go, go, go. Mapazi a munthu mmodzi...

Anayang'ana chammbali. Madzi anali kuyenderera pachipewa chake, koma mpango wa mayiwo unali wouma. Juzi youma. Anagwetsa maso pansi. Nyale inali kumbuyo kwawo tsopano, ndipo kutsogolo kunatambalala chithunzithunzi chachitali, cha munthu wovala chipewa. Chimodzi chokha!

Tsitsi linamuima. Anafuna kuthawa. Miyendo inakana. Anafuna kukuwa. Lilime linauma gwa. Tochi inamupulumuka, n'kugubuduzika, n'kugwera m'madzi... chubwi!

Ndipo pomwepo, pakati pa mantha onsewo, thupi lake linakumbuka nthawi. Mabere anamuwawa, mkaka n'kuyamba kudontha, kunyowetsa malaya.

"Fungo la mkaka," anatero mayiwo, mawu awo atafewa. "Ndi wamng'ono bwanji?"

"Sa... sanayambe kukwawa."

"Mumunyamule kwambiri, mwana wanga, asakunamizeni kuti mumuzoloweza. Sachedwa kukula anawa. Lero ali kumsana, mawa wamera ndevu, akukumenyetsera chitseko."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wokumbuka zinthu zokoma. Mantha a Sajeni sanachoke, koma anasendera pambali.

"Wanga uja akakwiya sadya," anapitiriza mayiwo. "Chiyambire ali kamwana. Amadzilanga ndi njala. Mukamuuze Chimutu kuti chitseko chija chinali chofumbwa kale. Chikanagwa ngakhale ndi mphepo. Mukamuuze adye."

Anali atafika pothera chitsulo, poyambira phula. Mayiwo anaima.

"Ine ndithera pano. Fulumirani, mwana akulira."

Sajeni anaponda phula, n'kucheuka kuti afunse dzina.

Mlatho unali mbee. Nyale yokha, ndi kamvula.

Anathamanga! Anathamanga osaona matope, osaona zithaphwi, mpaka anakagunda chitseko cha kwawo ndi manja onse awiri. Mwamuna wake anatsegula, khanda lili paphewa, litalira mpaka kusasa mawu.

"Mayi a mwana, kwagwanji? Akuthamangitsani?"

"Ndipatseni kaye mwanayo."

Anakhala pansi pomwepo pakhomo, majombo ali kumapazi, n'kuyamba kuyamwitsa. Mwanayo anagwira chala chake n'kukhala chete. Mwamunayo anagwada, n'kumumasula zingwe za majombo osafunsanso kanthu. Khandalo litagona, Sajeni sanaligoneke pabedi. Analifungatira mpaka kunja kunayera.

Dzuwa likatuluka, za usiku zimachepa mphamvu. Popita kuchipatala m'mawa mwake, Sajeni anali atadzitsimikizira kuti kutopa ndiko kunamusokoneza maso. Mayi a pamlatho aja anali mayi wamba, odera nkhawa mwana wawo. Mwinanso akawapeza komweko.

Namwino anamulozera bedi la pakona. "Wanu uja watitopetsa. Mankhwala akukana, chakudya akukana."

Makanikayo anagona choyang'ana kukhoma. Pakatebulo panali kapu ya tiyi ndi buledi wosakhudzidwa. Pambali pa bedi panakhala mayi wina wamaso otupa, amene anati ndi mlongo wake wamkulu. Anagwira dzanja la Sajeni ndi manja awiri, n'kuthokoza mpaka mawu anamuthera.

"Mayi anu sanafike?" anafunsa Sajeni.

Mlongoyo anamuyang'ana modabwa. Sajeni anaona kuti akachedwa, mtima umubweza. Anawerama pafupi ndi wodwalayo.

"Achimwene, ndatumidwa. Akuti ndimuuze Chimutu kuti chitseko chija chinali chofumbwa kale, chikanagwa ngakhale ndi mphepo. Akuti mudye."

Msana wa makanikayo unauma. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono, maso ali tong'o.

"Wakuuzani ndani dzina limenelo?"

"Mayi ena, pamlatho wa kudoko, usiku wathawu. Aafupi, ovala juzi yoluka."

Mlongoyo anagwira pakamwa. Anayesa kuimirira, n'kukhalanso pansi.

"Asajeni," anatero monong'ona, "dzina limenelo ankamuitana ndi amayi okha. Amayi anatisiya kalekale. Mwana wanga amene ali kusekondale pano, nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi pakati pake."

M'chipindamo munazizira. Sajeni anagwira chitsulo cha bedi.

Mlongoyo anafotokoza misozi ikutsika. Mchimwene wakeyo ali mnyamata anapeza ntchito pachombo chopita kutali, mayi awo n'kumuletsa poopa madzi. Anakangana koopsa. Potuluka anamenyetsa chitseko mpaka chinazuka, n'kupita osatsanzika. Mayiwo ankapita pamlatho paja madzulo alionse kukaona zombo zolowa. Pamene mnyamatayo ankabwerera, atawagulira nsapato ndi bulangete, anapeza ataikidwa kale.

"Chiyambire pamenepo munthuyu sanakhalenso munthu," anatero mlongoyo. "Ndamuuza ine mpaka kutopa kuti amayi sanamusungire chakukhosi. Amati ndikungomutonthoza."

Makanikayo sanali kumva za mlongo wakezo. Maso ake anali pa Sajeni.

"Mayi, ndiuzeni zoona. Ponena zimenezo... anali okwiya?"

"Ayi," anatero Sajeni. "Ankaseka. Choyamba kundifunsa chinali chakuti ngati ndakufunditsani."

Bambo wamkulu ndi ndevu zake anabisa nkhope m'bulangete, n'kulira mokweza, kulira kumene kunadikira zaka zonsezo. Odwala a m'mabedi ena anayang'ana kumbali. Mlongo wake anamusisita kumsana osamuletsa. Sajeni anaima pomwepo, chipewa chili m'manja, nayenso osaona bwino.

Patapita nthawi makanikayo anadzuka, n'kukhala tsonga. Anapukuta nkhope ndi chikhatho, n'kutambasula dzanja kukatenga kapu ija. Anapsontha pang'ono, n'kukwinya nkhope.

"Achemwali," anatero ndi mawu osasa, "tiyiyu wazizira."

Mlongoyo anaseka misozi ili m'masaya. Analanda kapuyo, n'kutuluka chothamanga kukafuna madzi otentha.