Msomali wa Pachitseko cha Chipewa

Aise, pali mayi anga, iyi simuikhulupirira. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma nkhani za ntchito ndimawaposa a madigiri.

Panali bwana wina wokhoma mipando, tinkangomuti Chipewa. Shopu yake inkagwa. Anyamata ake ankathawa mmodzimmodzi kupita kushopu ya tsidya la msewu, komwe anthu ankapala matabwa akuimba. Nsanje inkamudya. Mayi mwini shopu ya tsidyayo anamuitana kuti adzaone momwe amagwirira ntchito, aphunzitsane. Chipewa anati sangaphunzire kwa munthu woyamba dzulodzuloli. Anapita kwa sing'anga.

Sing'angayo anamupatsa msomali wakuda woti akhome pamwamba pa chitseko.

"Anyamata anu azikugwirirani ntchito osatopa, osadandaula, osachoka," anatero. "Koma pakamwa panu pasadzatulukenso zikomo."

"Basi? Mawu amenewo ndiye sinditchula ndi kale."

"Ndiye mwayamba kale kulipira, bwana. Zotsalazo msomali uzitolera wokha."

Zinayendadi. Mipando inkachoka vanishi asanaume, Chipewa n'kugula galimoto. Koma anyamata anasiya kuimba, kenako nthabwala, kenako moni. Unkangomva sowo ndi hamala. Wocheka matabwa anadzicheka chala n'kumangopitiriza, magazi akudonthera pautuchi. Makasitomala atayamba kufuna masitayilo atsopano, panalibe wotsegula pakamwa kuwauza abwana. Ankangokhoma mpando womwewo, womwewo, mpaka mulu kugunda denga.

Kukhala duu kuja kunamutsatira kunyumba. Akazi ake ankamuikira madzi osamba osayankhula. Tsiku lina kamwana kake kakakazi kanamubweretsera chithunzi chomwe kanajambula, bambo atavala chipewa. Kanaima, kudikira. Chipewa anatsegula pakamwa kuti athokoze, anakumbukira msomali, n'kutseka. Kuchokera pamenepo mwanayo sanatulutsenso mawu.

Chipewa anathamanga ndi pulayazi kukazula msomali uja. Anyamata anaika zida pansi n'kutuluka osacheuka. Koma mawu a mwana sanabwerere. Akazi a Chipewa anamubereka mwanayo kumbuyo, ulendo wa kwawo.

Pano amakhala yekha m'shopu muja, pakati pa mipando yopanda wokhalapo. Ukamadutsa umamumva akuyendera mpando uliwonse: "Zikomo, achimwene. Mwagwira ntchito." Womuyankha palibe.

Nanga chinsinsi cha mayi wa tsidya uja? Amamwa tiyi ndi antchito ake n'kumawafunsa maganizo, basi. Dyera ndi loipa, anzanga. Limakutuma kupereka mwana wako pogula chinthu chomwe mnzako amafuna kukupatsa ulere.

Ine ndinali momwemo m'shopu ya Chipewa, koma msomaliwo sunandigwire, magazi anga ndi owawa. Mukuseka chiyani? Wakuuzani ndi mlamu wanga eti? Chabwino, anali atandichotsa kale ntchito msomali usanakhomedwe. Anandipeza ndikuliza mkonono pasofa ya kasitomala. Komatu ndinkaiyesa ngati ndi yolimba.