Mainchesi Khumi ndi Anayi

Foni inayendayenda patebulo Lamulungu masana, kuchoka m'manja mwa mwamuna wake kupita kwa mlamu wake, n'kubwereranso, koma kwa iye sinafike. Telala anangochiona mozondoka chithunzi cha pafonipo pamene ankachotsa mbale: galimoto yakuda, yaitali msinkhu, matayala ngati a thirakitala.

"Iyi ndiye galimoto, achimwene," anatero mlamu wakeyo. Anali mlongo wa mwamuna wake, ndipo ankabwera Lamulungu lililonse atanyamula zipatso za wodwala ndi malangizo a anthu abwinobwino. "Munthu mwakwezedwa pantchito, anthu akukutchulani kuti bwana, ndiye muzikafika pageti ndi Fulu? Alonda aja amakutsegulirani chifukwa cha chisoni."

Mwamunayo anaseka, koma Telala anaona kuti mawuwo amulowa.

Fulu inali galimoto yawo yakale, imene apongozi ake aamuna ankayendetsa asanadwale. Inali yaifupi, mimba yake kutsala pang'ono kukhula pansi, ndipo inkayenda mosapupuluma ngati ikudziwa kuti konse kumene ikupita aidikira. Chitseko chimodzi chinkatsegukira kunja kokha. Mvula ikagwa, woyendetsa ankanyowa bondo.

Apongoziwo anali chapomwepo, pakhonde, m'chikuku chawo cha matayala. Zaka ziwiri zinali zitatha chigwereni kubafa. Mbali yonse yakumanja inafa, ndipo mawu awo onse anathawa, kunangotsala amodzi okha: "pang'ono." Ankawanena akamva ludzu, akamva kuwawa, ngakhale pothokoza. Telala anatseka kashopu kake n'kubweretsa makina kunyumba kuti azisoka kwinaku akuwayang'anira.

Lachitatu lililonse ankawatengera kuchipatala kukachita mafizo, ndipo ankachita yekha. Njira yake anaipeza ndi tepi yoyezera zovala, imene sinkachoka m'khosi mwake. Anayeza chikuku, anayeza mpando wakutsogolo wa Fulu, napeza kuti n'zofanana msinkhu ndendende. Tsono anapempha kalipentala kuti amupalire thabwa losalala. Ankaimika chikuku pafupi ndi chitseko, thabwa n'kuliyala ngati mlatho, n'kuyika nsalu pamwamba pake, kenako n'kuwakoka apongozi ndi nsaluyo mpaka atsetserekere pampando. Panalibe kunyamula. Mayi wochepa thupi ngati iye ankakweza bambo wamtali chonchija popanda wina womugwirira, ndipo patapita chaka zala za dzanja lakufalo zinayamba kutambasuka, mpaka apongozi ankatha kugwira supuni.

"Nanga Fulu apita kuti?" anafunsa Telala, mbale zili m'manja.

"Wogulitsayo akuti amutenga, tiwonjezere za kubanki zija," anayankha mwamuna wake osamuyang'ana.

"Zonse?"

"Alamu, ndalama zikangokhala kubanki zimachita nkhungu," anatero mlamu wake. "Kapena mumafuna muzikaziona Lamulungu ngati wodwala?"

Ndalamazo anasunga zaka zisanu ndi chimodzi. Zina zinachokera ku malipiro a mwamunayo, zina ku mayunifolomu amene Telala anasoka mpaka maso kuchita chidima. Koma buku la kubanki linali m'dzina la mwamuna.

Loweruka lotsatira anapita onse atatu kukaiona. Inali pakati pa bwalo, yopukutidwa mpaka munthu kudziona nkhope pachitseko. Wogulitsa anatsegula zitseko zonse, akutchula zinthu zimene Telala sankazidziwa. Mlamu wake anakwera, natsamira, natseka maso ngati walowa kumwamba. Telala anavula tepi m'khosi, nagwada pansi, n'kuyeza kuchokera padothi kufika pampando.

"Aa, taonani alamu!" mlamu wake anaseka mpaka kugwira pamimba. "Mukufuna kuisokera diresi?"

Wogulitsa naye anaseka. "Mayi, iyi imabwera itavala kale."

"Yapitirira ndi mainchesi khumi ndi anayi," anatero Telala, chala chili pa nambala. "Bambo, mpando uwu wapitirira chikuku cha abambo ndi mainchesi khumi ndi anayi. Thabwa silingagwire ntchito. Munthu sangatsetserekere kumtunda."

"Tadzukani apo, mukundichititsa manyazi," ananong'ona mwamuna wake. "Pali chopondera apa, simukuchiona?"

"Chopondera n'cha munthu wa miyendo iwiri."

Wogulitsa anali atayamba kale kuwaonetsa mmene denga limatsegukira.

Atabwerera kunyumba, Telala anamutsatira mwamuna wake kuchipinda, natseka chitseko kuti apongozi asamve.

"Bambo, ndakupemphani. Sindikukaniza galimoto. Gulani ina iliyonse, yokongola, koma ikhale yaifupi. Kapena Fulu yekhayo musiyeni pakhomo."

"Popanda Fulu ndalama sizikwana."

"Ndiye dikirani chaka chimodzi. Abambo ayamba kugwira supuni. Adokotala akuti tikapitiriza..."

"Abambowo ndi anga!" anakuwa mwamunayo. "Mukuyankhula ngati ine sindiwaganizira. Anavutika moyo wawo wonse m'chigalimoto chodontha. Lero mwana wawo akufuna awakweze m'galimoto yeniyeni, inu mukubwera ndi tepi. Lachitatu ndizikusiyirani, ine ndizikwera basi. Mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna mudzaone kamodzi kokha mmene ndimawakwezera. Kamodzi kokha, bambo. Simunaonepo."

Zinali zoona. Lachitatu lililonse iye ankanyamuka m'mamawa, pobwera n'kupeza bambo ake atasamba, atadya, ali pakhonde. Mwina n'chifukwa chake mawuwo anamupweteka. Anatuluka, namenyetsa chitseko mpaka kalilole anagwedezeka pakhoma. Telala anakhala pabedi, tepi ili m'manja, akuikulunga n'kuitambasula, misozi ikugwera pa manambala.

Galimoto inabwera Lolemba. Anthu oyandikana nawo anasuzumira pampanda, ena anabwera kudzagwira. Munthu wa wogulitsa uja anatenga makiyi a Fulu. Fulu anakana kulira kawiri, kachitatu n'kuvomera. Apongozi anamutsatira ndi maso mpaka anakhota pangodya.

"Pang'ono," anatero, osayang'ana aliyense.

Lachitatu mwamunayo anachedwa dala kupita kuntchito, ndipo mlamu naye anabwera, foni ili m'manja, kuti ajambule bambo awo akukwera koyamba. Telala anawasambitsa, anawaveka malaya oyera, nakankha chikuku mpaka pachitseko cha galimoto. Mpando unali pamwamba, kufanana ndi chifuwa cha apongozi. Anabweretsa thabwa, naliyala. Linaima chopendekera ngati makwerero.

"Chotsani chithabwacho, mukanda mpando," anatero mlamu wake. "Achimwene, gwirani m'khwapa, ine ndigwire miyendo."

"Dzanja lakumanja musalikoke," anatero Telala. "Phewa limaguluka. Ndipo mwendo wakufawo umalemera kuposa mmene..."

"Alamu, tatisiyani. Ndi bambo athu awa."

Anawanyamula. Poyamba zinaoneka ngati zitheka. Kenako mwendo wakufa uja unakola pansi pa chopondera, mlamu anausiya kuti agwire foni imene inkapulumuka, ndipo thupi lonse linatsamira pa mwamunayo. Nsapato yake yakuofesi inaterereka. Mutu wa apongozi unagunda m'mphepete mwa chitseko, ndipo onse awiri anagwera pansi pafupi ndi tayala.

Magazi ankatsika pang'onopang'ono kuchokera pachikope. Apongozi sanalire ndi bala. Anayang'ana buluku lawo, limene linali litanyowa kutsogolo, nayang'ana anthu pampanda, kenako pakamwa pawo panayamba kunjenjemera. Bambo amene analera ana asanu poyendetsa galimoto analira ngati khanda, pamaso pa msewu wonse.

Telala anathamanga, nawafunditsa nsalu ya pathabwa ija kuyambira m'chiuno, n'kuwakumbatira mutu.

"Inunso alamu, mumangoima ngati mtengo!" anakuwa mlamu wake. "Mukanagwirako!"

Telala sanakweze mawu. Analibe mphamvu zake.

"Zaka ziwiri, alamu. Lachitatu lililonse. Sanagwepo, sanayambe anyowapo pagulu. Ndinakuuzani nambala, munaseka. Ine sindidziwa za magalimoto. Ndimangodziwa kuti chinthu chikapanda kukwana, sichikwana, kaya nsalu yake ndi yodula bwanji."

"Mwamva achimwene? Akutinyoza!"

"Khala chete!" Mwamunayo anali chikhalire pansi, buluku litang'ambika pabondo. "Tenga foni yako uzipita. Pita!"

Mlamu anatola foni yake, natuluka akulira, chitseko cha pageti n'kuchimenyetsa. Tsiku limenelo kuchipatala sanapite.

M'mawa mwake Telala anapempha mayi woyandikana naye kuti akhale ndi apongozi, iye n'kukwera basi kupita kwa wogulitsa. Anapempha kuti abweze galimotoyo, awapatse Fulu. Wogulitsa anapukusa mutu mwaulemu. Anati mwamuna wa Telala anali ataimba kale foni kufunsa zomwezo. Galimoto ikangotuluka pageti, mtengo wake umatsika, ndipo zimene akanawabwezera zikanangowaliritsa.

"Nanga Fulu?"

Anamulozera kuseri. Fulu anali pa njerwa, wopanda matayala, wopanda zitseko, injini atachotsa. Anthu ogula zitsulo anali atamumaliza tsiku lomwelo. Mpando wakutsogolo uja unali pansi pa mtengo, mlonda atakhalapo, akumwa tiyi. Telala anaima nthawi yaitali akuyang'ana chigamba chabuluu chimene anasoka yekha pamalo pamene mutu wa apongozi unkatsamira. Mlonda anamufunsa ngati akufuna kukhala. Anakana, nabwerera.

Anayesa matakisi. Woyamba ataona thabwa ndi chikuku anati mipando yake ndi yatsopano. Wachiwiri anavomera, koma anati sangadikire maola atatu pachipatala, ndipo mtengo umene anatchula unali wa mayunifolomu a sabata yathunthu. Kubanki kunalibe kanthu. Lachitatu linadutsa, linanso linadutsa. Galimoto yakuda inkatuluka m'mawa n'kubwera madzulo, ndipo m'nyumba anthu ankayankhulana zochepa, za mchere ndi sopo basi. Telala ankawawongola apongozi zala monga ankaonera kuchipatala, koma manja ake sanali a dokotala. Sabata yachitatu supuni inagwa. Anaitola, nawagwiritsanso, inagwanso. Zala zinali zitayamba kufumbatanso.

Mwamuna wake anali ataima pakhomo la khitchini. Anaona zonse. Anangotembenuka.

Loweruka m'mawa Telala anamva phokoso panja. Atatuluka anapeza mulu wa njerwa zakale, thumba la simenti, ndi mwamuna wake atagwada pafupi ndi galimoto, atavala kabudula. M'manja mwake munali tepi ija, imene anaitenga pamakina. Anaigwira chozondoka.

"Amayi," anatero osadzutsa mutu, "manambala awa amayambira kuti?"

Telala anayang'ana njerwazo, nayang'ana mwamunayo. Maso ake anali ofiira.

"Mukufuna kumanga chiyani?"

"Kachitunda. Chikuku chizikwera mpaka chifanane ndi mpando, ndiye thabwa lanu ligone bwino. Ndaganiza sabata yonse, china sindikuchipeza." Anadzutsa mutu, namuyang'ana. "Ndalama zanu ndamaliza. Dzanja la abambo ndapha ndine. Munandiuza mutagwada pansi, ine n'kumati mukundichititsa manyazi. Ndikhululukireni, amayi. Sindikudziwa kuti ndibweza bwanji."

Telala anafuna kunena zambiri. Anafuna kunena za maso ake, za kashopu kake, za chigamba chabuluu pansi pa mtengo. Koma zonsezo sizikanatsitsa mpando ndi inchesi imodzi yomwe. Anagwada pambali pake, natembenuza tepiyo, n'kuika kachitsulo ka kumapeto padothi.

"Amayambira apa. Gwirani, musasunthe." Anakoka tepi. "Khumi ndi anayi. Koma bambo, chitunda chimenechi ine sindingakankhe ndekha. Msana wanga sungathe. Ndipo kuchipatala kulibe chitunda chotere. Potsika ndi pokwera pafunika anthu awiri odziwa kugwira."

"Ndikudziwa. Mundiphunzitse kugwirako. Kuntchito ndawauza kale kuti Lachitatu m'mawa asamandiyembekezere."

"Avomera?"

"Sanakondwe. Akuti aona."

Anamanga tsiku lonse. Chitundacho chinatuluka chokhota, simenti ili mabalamabala, chonyansa pafupi ndi galimoto yonyezimirayo. Madzulo Telala anakhala m'chikuku iye mwini, mwamuna wake n'kumaphunzira pa iye: dzanja ili pansi pa phewa, bondo kutchinga bondo, osakoka mkono. Analakwitsa kasanu.

Lachitatu mwamunayo anakankha chikuku kukwera chitunda, thukuta likutsika. Telala anayala thabwa. Linagona mowongoka. Apongozi anayang'ana chitseko chimene chinawatema, nagwira mkono wa mpongozi wawo ndi dzanja lamoyo, mwamphamvu.

"Pang'ono," anatero.

"Inde, bambo," anayankha mwana wawo, akugwira nsonga ya nsalu monga anaphunzirira. "Pang'ono."

Anatsetsereka mpaka pampando. Telala anakwera kumbuyo, napisa dzanja pakati pa mipando, n'kugwira zala zofumbata zija. Zinali zolimba ngati mizu. Sankadziwa ngati zidzatambasukanso, ndipo sankadziwa kuti kuntchito adzapirira Malachitatu angati. Anayamba ndi chala chaching'ono, kuchiwongola mofatsa, pamene galimoto yaikuluyo inkatuluka pageti pa liwiro la Fulu.