Jekete M'kati, Moto Panja

Lines anali ndi ntchito imodzi pa ulendo. Ntchito yake inali yonyamula moto. Iye ankafuna kuti motowo usazime.

Banja lonse linkapita ku mishoni. Mlongo wake Mose ankakabatizidwa Lamulungu. Kuchokera kwa Kasakula n'kutali. Anayenera kugona panjira, m'mapiri, kopanda mudzi.

Masiku amenewo kwawo kunalibe machesi. Lines anapala makala amoto m'phale. Anawaphimba ndi phulusa. Akayenda pang'ono, ankauzira.

Amayi anabereka Mose. Pamutu anasenza ufa ndi mphika. Atate ananyamula nkhwangwa ndi jekete.

Jeketeyo inali yakuda. Atate anaigula ku Kabula. M'mudzi monse munalibe ina. Panjira sankaivala. Ankaikulunga mumkeka.

Dzuwa litapendeka, mitambo inada paphiri la Ntchisi. Atate anamanga msasa wa udzu msangamsanga. Msasawo unali waung'ono.

Mvula inayamba. Tho, tho, tho.

Amayi analowa ndi Mose. Atate analowa ndi jekete. Anaipachika pakati penipeni. Lines anafika pakhomo ndi phale lake.

"Ima pomwepo," anatero atate. "Moto muno ayi."

"Koma kukugwa mvula, atate."

"Udzu ungayake. Ndiponso jekete ingalowe utsi. Ukufuna ndikaime kutsogolo m'tchalitchi ndikununkha ngati mbewa yowamba? Siya phale pansi pa mtengo, iwe ulowe."

Lines anayang'ana mtengowo. Unkadontha ponseponse. Lines sanalowe. Ananjuta pansi, nawerama pamwamba pa phale. Msana wake unakhala denga.

Jekete m'kati. Moto panja.

Lines anapsa mtima.

Mumsasa, Mose anayamba kulira. Ankafuna phala.

"Atate a Lines, mwanayu adya chiyani?" anafunsa amayi.

"Mvula ikata posachedwa," anayankha atate.

Mvula sinakate.

Dontho linagwera m'phale. Tsii! Khala lina linazima. Dontho linanso linagwera. Tsii! Panatsala khala limodzi, laling'ono ngati nyemba.

Lines sankatha kuyankha atate ake. Choncho analankhula ndi moto.

"Pepa, moto," anatero. "Iwe sunagulidwe ku Kabula. N'chifukwa chake uli panja. Jekete simadya phala. Jekete simalira. Jekete simamva kuzizira. Koma yakhala m'nyumba ngati mlendo."

Msasa wa udzu subisa mawu. Amayi anagwira pakamwa.

Lines anaganiza. Ngati moto sulowa m'nyumba ya jekete, ukhale ndi nyumba yakeyake.

Anavundikira phale ndi mphika. Anasiya kampata ka mpweya. Kenaka anathamangira kukhwawa. Kumeneko anathyola masamba akuluakulu a nthochi zam'tchire.

Anazika timitengo. Anaika masamba pamwamba. Kadenga kanagwa.

Anazikanso. Anaikanso masamba. Kadenga kanagwanso.

Lines analuma mlomo. Misozi inasakanikirana ndi mvula. Anatola timitengo kachitatu.

"Sendera uko, mayi."

Anali atate. Anali pamvula, nkhwangwa ili m'manja. Sanamuyang'ane kumaso.

Kho, kho, kho. Atate anadula mitengo inayi ya mphanda. Anaizika pansi molimba.

"Denga likhale m'mwamba, atate," anatero Lines motsitsa mawu. "Moto ungalinyambite."

"Ndamva."

"M'mbali musatseke. Utsi uzituluka."

"Ndamva, ndati."

Atate anasenda luzi. Lines anayala masamba. Anamanga pamodzi. Chisakasa chinaima. Mvula inkagwa padenga n'kutsetsereka.

Nkhuni zonse zinali zonyowa. Atate anawaza chitsa chakale. M'kati mwake munali mouma. Lines anaika mafuwa atatu. Anavundukula mphika pang'onopang'ono.

Khala linali lakuda.

Lines anagwada. Anauzira. Palibe. Anauziranso. Palibe. Atate nawo anagwada m'matope. Anauzira onse awiri.

Khala linatsegula diso lofiira. Utsi unafuka. Moto unayaka!

Amayi anabwera ndi ufa. Anaphika phala pansi pa chisakasa. Mose anadya, nasiya kulira.

Koma Lines ankanjenjemera. Nsalu yake inali itanyowa yonse. Mano ankagundana.

Atate anadzuka. Analowa mumsasa. Anatuluka ndi jekete. Anamufunditsa Lines. Jeketeyo inamufika m'maondo.

"Ilowa utsi, atate."

"Khala chete, uothe moto."

Lines anaotha moto. Utsi unkabwera kwa iye. Iye sanasunthe. Atate anaona, koma anangosonkhezera moto.

Lamulungu anafika ku mishoni. Tchalitchi chinali chodzaza. Amayi ananyamula Mose kupita kutsogolo. Atate anaima pambali pawo, atavala jekete yakuda.

Lines anakhala pamzere wa ana. Ngakhale pamenepo, fungo linkamveka. Jekete inkanunkha ngati mbewa yowamba.

Mose anayetsemula. Amayi anacheuka, nayang'ana Lines. Atate nawonso anacheuka.

Lines anayang'ana pansi. Anabisa pakamwa ndi dzanja.