Madzi Oyamba a pa Mjigo

A Lameck a ku Vubwi ankalima thonje chaka ndi chaka, koma thonjelo silinawaveke. Nyumba yawo inkadontha, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Mphatso, ankapita kusukulu wopanda nsapato. Komabe chimene chinkawadya mumtima si umphawi, koma a Benson, mnzawo wokulira limodzi, amene anayamba kuyenda pa njinga yamoto atangolowa m'komiti ya chitukuko ya wadi. Izi anandiuza ndi akazi awo a Lameck, amayi Clementina, titatuluka m'mapemphero a chigwirizano, ndipo ndikuzinena monga anazinenera.

Khonsolo italengeza kuti komiti isankhidwenso chifukwa kukubwera mijigo yatsopano, a Lameck anaoloka malire kupita kwa sing'anga wina ku Mozambique. Anamupeza masana akusenda chinangwa pansi pa mtengo wa mango. Atafotokoza kuti akufuna mpando wa komiti, sing'angayo anafunsa kuti mpandowo umalamulira chiyani.

"Madzi. Wapampando ndiye amaloza pokumba mijigo."

"Ndiye nanenso ndizimwako," anatero sing'anga, akuwapatsa tizithumwa takuda. "Mjigo uliwonse, mukwirire kamodzi simenti isanathiridwe. Woyamba kumwa madzi ake ndi wanga."

"Wanu motani?"

"Mukufunsa ngati simunamve."

A Lameck anafunsa ngati angasankhe okha munthuyo. Sing'anga anayankha kuti iye sasankha, limasankha ndi ludzu. Iwo anakumbukira kuti potsegulira mjigo chikho choyamba amapatsa nkhalamba, anthu oti anadya kale moyo wawo, ndipo anavomera.

Pa tsiku la chisankho aliyense anakweza dzanja kusankha a Lameck, ngakhale a Benson amene. Okumba mijigo anayamba kufika pakhomo ndi mphatso. Malata anakwera padenga, njinga yamoto inabwera, kenako chigayo.

Mjigo woyamba anautsegulira ndi nthungululu. Chikho anapatsa agogo Ottilia, amene anamwa n'kuvina. Sabata isanathe anawapeza atauma pamphasa, osadwala. A zaumoyo anatseka mjigowo, kuyeza madzi, n'kupeza kuti ndi abwino. Pa maliro a Lameck analankhula m'malo mwa komiti, ndipo anthu anati wapampando uyu ali ndi mtima wachifundo.

Pa mjigo wachiwiri, mkulu amene anapatsidwa chikho anachikana. Anati iye wamwa mokwanira padziko, ayambe ndi Bridget, mtsikana woyembekezera, chifukwa ndiye wanyamula za mawa. A Lameck anaona chikho chikupita ndipo sanatsegule pakamwa. Bridget anaikidwa m'manda pamodzi ndi mwana wake wosabadwayo.

Kuchokera apo anasiya kupita ku Mgonero, ndipo madzi akawapatsa ankangowayang'ana. Anabwerera kwa sing'anga kukabweza kachithumwa kotsala.

"Malata aja mwawabweretsanso? Nanga mtsikana uja?" anafunsa sing'anga. "Pitani mukakwirire. Mukapanda kutero ndidzabwera kudzatunga ndekha kunyumba kwanu."

Nthawi ya mvula kunabuka kolera, ndipo khonsolo inatseka zitsime za kudambo m'mudzi wa a Lameck momwe, n'kugamula kuti mjigo wotsatira ukumbidwe kumeneko. A Lameck anatsutsa pa msonkhano, koma akhansala anaseka, nati sanaonepo wapampando wokaniza kwawo madzi. Choncho anakwirira kachithumwako, atapangana ndi mtima wawo kuti woyamba kumwa adzakhala mbuzi.

Mjigo utatha anauza anthu kuti lamulo la zaumoyo likuti pasapezeke womwa mpaka othira mankhwala a klorini atafika. Kenako anapita kumudzi wina kukagula mbuzi ija, poopa kuti ya pakhomo ingakhale ngati magazi awo omwe.

Koma kwathu kuno, wobweretsa chabwino ndiye amalawa poyamba. Amayi a m'mudzimo anamvera lamulo, sanamwe. Anangoti si ulemu kuti munthu wawavutikira chonchi adzalawe pamodzi ndi gulu. Mmodzi wa iwo, amayi Flora, anapopa ndowa imodzi, madzi ali mbee, ndipo anakathira mumtsuko wa kwa a Lameck, amayi Clementina ali kumunda.

A Lameck anafika dzuwa lili paliwombo, akukoka mbuzi. Anapeza Mphatso pakhonde, yunifolomu ili m'thupi, chikho chili m'manja.

"Atate, madzi anu aja ndi okoma. Amayi Flora abweretsa oyambirira."

Amayi Clementina akuti atabwerako kumunda anapeza amuna awo atagwada, akupempha mwana kuti asanze. Anathamangira naye kuchipatala, kumene sanampeze ndi nthenda iliyonse. Anamwalira Loweruka.

Pa maliro a Lameck anaulula zonse, kutchula agogo Ottilia ndi Bridget mayina awo pamaso pa abale awo. Kuyambira tsikulo mutu wawo sunabwerere. Chigayo chinaima, njinga inachita dzimbiri. Mpaka lero amakhala pambali pa mjigo uja, ndipo aliyense wobwera ndi ndowa amamugwira mkono n'kumupempha kuti, "Ndiyambe ndine." Amamwa mpaka mimba kutupa, koma imfa imawalambalala. Amayi Flora sadutsanso njira imeneyo.

Amayi Clementina atamaliza anati iwonso anagona pansi pa malata aja osafunsa kumene achokera. Tinangogwirana manja n'kupemphera, kupempherera akufa aja, ndi wamoyo uja wa pa mjigo.

Abale anga, mpando wotumikira anthu sufunidwa ndi mankhwala. Dyera limakuuza kuti adzalipira ndi ena, anthu akutali, koma chikho chimazungulira mpaka chifike pakhomo pako. Mulungu atithandize kukhutira ndi zochepa zoyera.