Khutu la Ilaya

Kodi n'chiyani chinadula nsonga ya khutu lamanzere la Ilaya? Oonera sewero la Ilayayo pa kanema akhala akukangana. Ena amati ndi lupanga la mdani, ena amati ndi mano a chinjoka. Inunso ganizirani yankho lanu, koma muyambe mwamva za ulendo wa masiku atatu m'mapiri a Sierra Madre.

Ilaya anali elefu, mmodzi wa anthu a m'nthano okhala m'nkhalango, osakalamba, a makutu aatali osongoka. Tsoka lake linali lakuti m'buku limene anatengamo sewerolo munalibe Ilaya. Anachita kumupeka ndi olemba a ku kanema, ndipo okonda bukulo anakwiya. Mabwana anagamula kuti zojambula za pa mathithi, pamene Ilaya amaulula chimene anadzera m'nkhaniyo, zikapanda kufika ku Manila pofika thwelofu koloko masana Lachisanu, dzina lake lifafanizidwa. Lachitatu m'mawa wailesi inalengeza za namondwe, ndipo gulu lonse lojambula linayamba kulongedza.

Perla Macatangay, amene ankasewera Ilaya, anakana kukwera galimoto. Kwa zaka khumi ndi ziwiri iye adakhala akusewera antchito a m'nyumba amene ntchito yawo ndi kutsekula chitseko basi. Aka kanali koyamba kupatsidwa munthu wa dzina.

"Kuya Rodel, kamera yaing'ono ija muli nayo?" Perla anafunsa wojambula wina wa mimba yaikulu, amene onse ankamutcha Kuya, kutanthauza achimwene.

"Ndili nayo. Koma misala ndilibe."

"Ya ineyi itikwanira tonse awiri. Tiyeni."

Womata makutu anammata Perla makutu ake a labala, n'kumusiyira kabotolo ka guluu. Mankhwala omatulira anapita ndi galimoto mwangozi. Makutuwo analipo awiri okhawo. Mlenje wa m'deralo, Mang Doroy, ndiye kuti bambo Doroy, anavomera kuwatsogolera. Anamuyang'ana Perla kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ineng, mwana wanga, mphuno yanga ikuti mvula ifika mawa masana. Uyende ngati munthu, osati ngati mfumukazi."

Ananyamula mpunga, nsomba zouma, mchere ndi chikwanje. Anawoloka mtsinje madzi akulekeza m'mawondo, nayamba kukwera. Njira inali yoterera, misundu ikugwa kuchokera m'masamba. Rodel anachotsa isanu ndi iwiri m'miyendo mwake, akutukwana uliwonse payokha. Podutsa pa chulu chilichonse Mang Doroy ankapempha njira kwa eni nkhalango, ndipo anamuuza Perla kuti iye azipempha kawiri.

"Chifukwa chiyani ine kawiri?"

"Wavala nkhope yawo. Angaganize kuti ukuwanyogodola."

Anagona pansi pa thanthwe. Lachinayi m'mawa anafika pa mathithi kumwamba kutada kale. Perla anavala mkanjo wa Ilaya, natenga uta, naima pansi pa madzi ozizira ogwa ngati miyala. Anabwereza mawu ake kasanu ndi kamodzi mano akugwedezeka. Ulendo wachisanu ndi chiwiri Rodel anatsitsa kamera. Anapukuta m'maso ndi malaya.

"Basi. Akachifafaniza ichi, ndikagulitsa kamera n'kuyamba kuweta abakha."

Mvula inawapeza akutsika. Mphepo inathyola nthambi, njira inasanduka ngalande. Pa chigwa china nguluwe yaikazi ya ana inatulukira m'ziyangoyango. Mang Doroy anakuwa kuti aliyense akwere mtengo. Perla anakwera. Rodel analumpha, naterereka, nagubuduzika mpaka kumunsi, ndipo nguluwe inang'amba chikwama chake chosalowa madzi n'kumwaza mpunga wonse m'matope. Kamera anaikumbatira pamimba, sinaphwanyike. Koma bondo lake linatupa ngati papaya.

Anamukoka pang'onopang'ono mpaka kuphanga la pafupi ndi mtsinje. Chakudya chotsala chinali nsomba zouma zinayi. Anagawana ziwiri.

Lachisanu kutacha mvula inaleka, koma mtsinje umene adawoloka m'mawondo unali utasanduka chilombo chofiirira chonyamula mitengo yathunthu. Kutsidya kunali njira yopita ku San Roque, mtunda wa maola atatu, kumene kunali foni ndi makompyuta.

"Ine sindiwoloka," anatero Rodel. Anatulutsa m'kamera kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo. "Ilaya yense ali umu. Ukalowa madzi, wafa."

"Ndikaika m'kamwa," anatero Perla.

"Ukameza pa funde loyamba," anayankha Mang Doroy. "Mtsinje uwu umavula munthu ndi malaya omwe. Chimene umawoloka nacho ndi chokhacho chimene chinamera pathupi pako."

Perla anayang'ana kakhadiko. Kenaka anagwira khutu lake lamanzere. Linali litapirira mathithi kasanu ndi kawiri osasuntha, ndipo nsonga yake inali ndi mphako m'kati.

"Mang Doroy, bwerekeni nsonga ya chikwanje."

"Iwe mwana, usenda khungu lako!"

"Limeranso."

Analimatula pang'onopang'ono, misozi ikutsika, magazi akuyenderera m'khosi. Analowetsa kakhadi kunsonga, natsekapo ndi guluu, nathira guluu yense wotsala m'mphepete, n'kulimatanso pa bala lomwelo. Analikanikiza mpaka linauma.

Mang Doroy anadula mitsitsi yolendewera m'mitengo, nailuka chingwe chachitali. Mbali ina anamanga m'chiuno mwa Perla, ina anakulunga pa tsinde.

"Usalimbane nawo madzi. Lowera kumtunda uko, uwalole akukankhire pa mchenga uja. Ukaona chipika, mira. Ine nditsala ndi chimimba uyu."

"Ndikumva, bambo inu," anatero Rodel. "Perla, ukayambe watumiza anthu adzatitenge. Ndi nsomba ziwiri sindifika Lamlungu."

Perla analowa. Madzi anamugwetsa nthawi yomweyo. Nsapato zinapita, mpango unapita. Anasambira mopingasa, akumwa matope, chingwe chikumudula m'chiuno. Chipika chinabwera chikuzungulira, iye anamira, nachimva chikukhula msana wake. Potumphuka anapeza kuti chingwe chakodwa m'nthambi za chipikacho ndipo chikumukokera kumiyala. Anafufuza mfundo ndi zala zozizira, naimasula. Tsopano panalibe chomugwira. Anamenya madzi ndi mphamvu zonse zotsala mpaka mawondo anagunda mchenga.

Asanaimirire n'komwe, dzanja linapita kukhutu. Linalipo. Kutsidya Mang Doroy anakweza chikwanje m'mwamba.

Anayenda wopanda nsapato, mwina kuthamanga, mwina kutsimphina. Kumayambiriro kwa mudzi mayi wina amene ankatola kokonati zogwa ndi mphepo anaona munthu wa makutu osongoka akutuluka m'nkhalango. Anataya dengu, nayamba kupepesa kuti sanadziwe kuti mtengowo uli ndi mwini.

"Mayi, ndine munthu! Nyumba ya Kapitan ili kuti?"

Kapitan, mfumu ya mudziwo, atamva za awiri a kuphanga, anasonkhanitsa amuna asanu ndi atatu ndi zingwe ndi machira, nanyamuka nthawi yomweyo. Apo m'pamene Perla anathamangira ku sitolo ya makompyuta. Inali ikuyendera jenereta. Nthawi inali itadutsa kale hafu leveni.

Anakoka khutu, koma silinasunthe. Guluu uja anali atagwirana ndi bala. Anayesa mafuta a kokonati, anayesa madzi otentha, osatheka. Mwini sitolo anaitana mnansi wake wa khomo lotsatira, Mang Tibo, amene anafika chida chake cha ntchito chili m'manja. Atamva chofunika, anabwerera m'mbuyo.

"Zaka makumi atatu sindinadulepo khutu la munthu. Ndiyambe lero?"

"Si langa, bambo. Dulani apa, pamwamba pa chala changa."

"Nanga likatuluka magazi?"

"Likatuluka magazi mukhala mwadula pansi kwambiri. Fulumirani!"

Mang Tibo anadzilemba mtanda, natsinzina diso limodzi, nadula. Kakhadi kanagwera m'dzanja la Perla kali kouma. Zojambulazo zinafika ku Manila kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi kuti nthawi ikwane.

Rodel ndi Mang Doroy anafika m'mudzi tsiku lotsatira, Rodel ali pa machira, akufunsa ngati kuli mpunga. Mabwana ataonera za pa mathithi sanatchulenso zofafaniza. Koma kuumba khutu latsopano kunkafuna masabata atatu, pamene kujambula kunkayambanso Lolemba. Olemba anangoti Ilaya apitirire choncho, ndipo chifukwa chake sanachilembe m'gawo lililonse. Khutu latsopano litafika, Perla anapempha kuti nalonso alidule pamalo omwewo.

Choncho si lupanga, si chinjoka. Nsonga ya khutu la Ilaya inadulidwa ndi sizasi ya wometa tsitsi wa ku San Roque.